Amândio anapalira udzu wa eni mgodi

A Amândio anabadwira ku Zóbuè, anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo anabwerera kwawo mtendere utafika, khasu lili paphewa. Kuyambira pamenepo zaka zawo zinkayenda mofanana: kusosa dzuwa likuswa mtengo, kubzala mvula ikagwa, kenaka kulimbana ndi udzu mpaka chimanga chitamasula ngayaye.

Malasha atatchuka ku Moatize, anyamata anatsikira kumeneko. Iwo anatsatira mochedwa, imvi zitayamba kale. Makina sankawadziwa, choncho anawaika pa chitunda chimene eni mgodi anakwirira atatha kukumba. Anali atathirapo dothi lakuda ndi kubzalapo timitengo ta tsanya ndi msangu. Woyang'anira anali enjenyera Lizete, mtsikana wa ku Tete, msinkhu wa mwana wawo. Iye anakhoma zikhomo zofiira, namanga zingwe, nadula timinda ting'onoting'ono. Anati kumapeto kwa dzinja adzabwera ndi chimango chachitsulo, adzachigoneka pansi m'kamunda kalikonse ndi kuona kuti zomera zaphimba nthaka motani. A Amândio azingothamangitsa mbuzi, chomera chilichonse achisiye. Chitunda chikachira bwino, ntchito yawo ya miyezi yochepa idzakhala yokhazikika.

Anamva bwinobwino. Mpaka lero sanena kuti sanamve.

Mvula inabwera yabwino chaka chimenecho. Dothi lija linadzuka. Kunamera kapinga, chisoso, bonongwe ndi udzu wina umene sankaudziwa dzina, mpaka timitengo tinabisika. A Amândio ankakhala pamwala, manja akuwayabwa. Amati sanalandirepo malipiro ochititsa manyazi ngati amenewo: munthu wamkulu, wa zidzukulu, kulondera udzu kuti ukule mwamtendere.

Akazi awo, a Élia, anatumiza mawu ndi woyendetsa shapa, minibasi ya kumeneko, kuti kumunda kwawirira, abwereko ngakhale masiku awiri. Anayankha kuti ntchito yachuluka.

Kenaka enjenyera anaimba foni kuti sabata yamawa abwera kudzayeza, ndipo abwera ndi akuluakulu ochokera ku Maputo. Apa mpamene mtima wa a Amândio unagonja. Kwathu mlendo akapeza munda uli thengo, saseka udzu, amaseka mwini wake. Anaganiza za mtsikana uja ataima pamaso pa akuluakulu ake, timitengo take titamira. Anati mwanayu n'ngwa m'tauni, sadziwa manyazi amene akumudikira. Anakabwereka khasu kumudzi wapafupi wa Mithete.

Anapalira monga sanapalirepo kwawo. Zingwe sanadule, zikhomo sanagwedeze. Kamtengo kalikonse anakaundira dothi, udzu naukokera kunja kuti uume. Pomaliza anaima patali, naona chitunda chili mbee, mtima wawo n'kukhala pansi.

Galimoto zinafika m'mawa. Enjenyera Lizete anatsika ndi chimango chake, nayenda mpaka pa chingwe choyamba, naima. Anachigoneka pansi. M'kati mwake munali dothi lokhalokha ndi mapazi a a Amândio. Anayesa kamunda kachiwiri, kachitatu. Akuluakulu aja ankangoyang'anana.

“Tiyu Amândio, mbuzi zalowa?” anafunsa motsitsa mawu, akuwatchula ngati malume ake.

“Ayi, mayi. Mbuzi sizipalira bwino chonchi.”

Mtsikanayo sanakalipe. Anakhala pamwala uja, nawauza kuti udzuwo ndi umene akuluakulu anadzera, kuti ndiwo umboni woti nthaka yaukanso, ndipo muyeso wa chaka chonse wapita. A Amândio anavula chisoti. Anapempha kuti aubwezeretse udzuwo, poti unali usanaumitsitse. Mmodzi wa akuluakulu aja anaseka mpaka kutsamira galimoto, koma kusekako sikunawapulumutse. Mwezi utatha, ntchito inapatsidwa kwa mnyamata wa ku Moatize amene sanagwirepo khasu.

A Amândio anakwera shapa yobwerera ku Zóbuè mvula ikutsazika, anzawo akuotcha kale mondokwa. A Élia sanawalonjere ndi mawu ambiri. Anangowatsogolera kumunda. Chimanga chinali chachikasu, chofika m'chiuno, ndipo udzu unali utachipitirira.

A Amândio anaima m'mphepete nthawi yaitali, akuyeza ndi maso.

“Amake mwana, apa nthaka yachira ndithu,” anatero.

A Élia anawauza kuti akaitane akuluakulu a ku Maputo adzadye. Chaka chimenecho nkhokwe siinafike ndi pakati pomwe, ndipo chilimwe chonse a Amândio anachithera kudimba, akuthirira kabichi wokagulitsa kumalire ndi Malawi.