Limba Lomwe Linkasunga Nyimbo

Achimwene atabwerako ku Joni sanatibweretsere bulangete kapena njinga monga ankachitira amuna anzawo. Anabwera ndi kiyibodi, limba loyendera mabatire, lokhala ndi ng'oma zake m'kati. Ukadina batani limodzi, ng'oma zinkayamba zokha. Ukaimba nyimbo pamwamba pake n'kudina lina, limbalo linkaibwereza ndendende popanda wolikhudza. Ankalisunga m'tiyirumu yanga ku Chiromo, pafupi ndi mlatho wa njanji, poti nyumba yawo inkadontha.

Bambo athu, katswiri wa valimba wa ku Nyachikadza, ankalinyoza kuti n'chidole cha ana. Koma tsiku lina anakhala pansi n'kuyesa ndi zala ziwiri nyimbo yawo ya pamaliro, akuphonya apa ndi apo, achimwene n'kudina batani mwakachetechete. Mvula isanagwe chaka chimenecho tinawaika m'manda. Nyimbo ija inatsala m'limbamo, ndi zophonya zake zomwe.

Zinali zaka zija munthu ukafuna kudandaula za khadi la chipani unkayamba wacheuka kaye. Ambiri omwa tiyi kwa ine anali asodzi, ena obadwira tsidya la Mozambique ngati amuna anga, ndipo pakamwa pawo panalibe chitseko. Msodzi wina wamkulu ataona limba likudziimba lokha, anaika kapu pansi.

"Mayi, ngati chimasunga nyimbo, chingalephere kusunga pyonsene timalonga pano?"

Ankatanthauza zonse zimene tinkalankhula. Ndinaseka, koma kuseka kwa mano okha. Achimwene anali asananenepo chimene anabwerera msanga ku Joni. Pachipata cha msika achinyamata a chipani ankatiimitsa tonse, iwo n'kumangodutsa. Kodi ankawaopa chifukwa cha jekete lachikopa lija, kapena ankadziwana? Nanenso ndinayamba kuphimba limbalo ndi chitenje amuna anga akayamba kulankhula. Mlongo wako ndi mlongo wako, koma mantha alibe chibale.

Kenaka mphunzitsi wina amene ankamwa tiyi kwathu anatengedwa ndi galimoto, osabweranso. Mabenchi anga anangoti mbee. Mphekesera inafika kwa ine kudzera mwa amayi ogulitsa nsomba, akuti kazitape kumadambo kuno sakhalitsa, ng'ona n'zambiri. Ndinawauza achimwene mosapsatira kuti anthu akuwapangira upo.

Loweruka anaitana asodzi aja. Anafotokoza kuti limbalo lilibe khutu, limangosunga zimene zala zadina, ndipo ukachotsa mabatire limaiwala zonse. Kenaka anadina batani. Limba linaimba nyimbo ya bambo mpaka kumapeto, ine n'kumva zala zawo zikuphonya pamalo pomwe paja. Ndinafuna kuwagwira dzanja achimwene, koma maso onse anali pa ine. Anatembenuza limba, anachotsa mabatire n'kuwandandalika patebulo. Atawabwezera anadina batani, ndipo kunalibe kanthu.

Mtima unandipweteka kuposa tsiku la maliro. Ndinkayembekezera kuti wina apepese, kapena angoweramitsa mutu. Msodzi wamkulu uja anatola chipewa chake, n'kuuza mnzake mosanong'ona n'komwe:

"Afufuta chifukwa anatumiza kale."

Anatuluka mmodzimmodzi. Achimwene anatsala patebulo, akudinabe batani.