M'mawa wa ukwati wa Esinati

Linali Loweruka la mwezi wa Juni, tsiku la ukwati wa mkulu wanga Esinati. Ine ndinali mtsikana wa kusekondale. Tinkakhala mumzinda, ku Kabwata, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Atate anali kalaliki m'boma.

Sabata imeneyo inali yovuta kale. Mtengo wa unga unakwera, anthu anathyola masitolo, apolisi anaombera. Pofika Lachisanu kunali bata, ndipo amayi anati ukwati suimitsidwa. Alendo ochokera ku Katete anagona pansi mpaka kukhitchini. Kuseri kwa nyumba kunali nkhuku zomangidwa miyendo.

Chinatsala ndi diresi la mkwatibwi. Linali kwa telala wathu ku Kamwala, ba Mwansa, munthu wa ku Luapula amene ankatisokera kuyambira tili ana. Ine ndi atate tinanyamuka kutangocha. Wailesi sitinatsegule, kuopa kudzutsa alendo. Kunkazizira kwambiri. Atate anavaliratu jekete la ukwati ndi nsapato zatsopano.

Inu obadwa pambuyo simunazione zaka zimenezo. Chipani chinali chimodzi. Chithunzi cha mtsogoleri chinali m'sitolo iliyonse. Pachisankho dzina linkakhala limodzi, ndipo wokana ankachonga pa chithunzi cha chule. Atate akafuna kunena za boma ankayamba atseka zenera.

Tili m'njira tinamva mahutala a galimoto. Mayi wina anatidutsa akuthamanga, akuliza nthungululu, duku lili m'manja.

Ba Mwansa tinawapeza panja pa shopu, tepi yoyezera ili m'khosi, wailesi ili paphewa.

"Ba Phiri, simunamvele? Masoja atenga boma. Mudala wagwa!" Ankanena mtsogoleri.

Pa wailesi pankalankhula msilikali. Mawu ake anali a mnyamata. Ankati boma lili m'manja mwa asilikali, kenako pankabwera nyimbo za bandi, kenako iye yemweyo.

Atate anakhala pabenchi. Anavula chipewa n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka. Ndinali ndisanawaonepo akuseka mpaka kuonetsa mano a m'mbali.

Ba Mwansa anakulunga diresi m'pepala lakhaki, namanga ndi kansalu, nandipatsa. Anakhoma shopu n'kulowa m'chigulu cha anthu chimene chinkapita kunyumba ya mtsogoleri. Msewu wathu unali womwewo kwa kanthawi, choncho tinatsatira pambuyo.

Anthu ankaimba. Amayi a mumsika ankayala zitenje pamsewu kuti lole ya asilikali ipondepo. Msilikali wina pamwamba pa lole anagwira mfuti ndi manja awiri, osayang'ana aliyense. Bambo wina ananyamula chithunzi cha mtsogoleri mutu uli pansi. Atate anakweza dzanja kamodzi, n'kulibweza m'thumba.

Kenako mawu a pa wailesi anasintha. Anali a munthu wachikulire, wolankhula mosathamanga. Anati boma lilipo, mtsogoleri ali bwino, ndipo olanda wailesi agwidwa. Nkhaniyo inayenda kuchokera kwa okhala ndi mawailesi kupita kwa ife. Nyimbo inatha kutsogolo, kumbuyo ena akadaimba.

Mfuti zinalira. Phokoso lake linali ngati munthu akumenya malata ndi chitsulo.

Chigulu chonse chinatembenukira kwa ife. Thebulo la malalanje linagubuduka. Atate anagwa, anthu n'kuwaponda pamsana. Ndinawakoka pa jekete mpaka tinagwera mu ngalande ya m'mbali mwa msewu. Munali mouma, munkanunkha mkodzo. Diresi ndinalilowetsa mkati mwa juzi. Nsapato imodzi ya atate inatsala pamsewu.

Titadzutsa mitu, pa phula panali nsapato zambiri. Panalinso munthu wa malaya abuluu atagona chafufumimba. Atate anandigwira pachibwano n'kutembenuzira nkhope yanga kwina.

Msewu wa ku Kabwata unali utatsekedwa ndi lole ya asilikali.

"Tiye kwa azakhali ako ku Chilenje," anatero atate.

Tinayenda chowerama mu ngalandemo mpaka inatha. Kenako tinalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba. Kumbuyo mfuti zinkalirabe, koma motalikirana. Atate anavula nsapato inayo n'kuinyamula m'manja. Phazi lawo linkasiya magazi pafumbi.

Ku Libala mayi wina ankasesa pakhomo. Atationa anatsegula geti osafunsa kanthu. Anatipatsa madzi m'kapu ya pulasitiki. Anatulutsa mapatapata a mwamuna wake n'kuwaika pamapazi pa atate. Dzina lake sitinafunse, iyenso sanafunse athu.

Tinafika ku Chilenje dzuwa lili paliwombo. Azakhali, mlongo wa atate, anali mphunzitsi wa kupulaimale. Anatsuka phazi la atate m'beseni ndi madzi amchere, nazula kachidutswa ka botolo. Ine anandipatsa tiyi ndi mbatata. Tiyiyo ndinamwa yonse.

Kwa aneba awo kunali telefoni. Azakhali anaimbira kutchalitchi kwathu ku Kabwata, ndipo abusa anapita okha kukauza amayi kuti tili moyo.

Amayi anabwera wapansi chakumadzulo, Esinati ali pambuyo, tsitsi lake lili lomangidwa ndi ulusi. Amayi anandigwira masaya, makutu, mapewa. Anayang'ana phazi la atate. Kenako anakhala pakhonde n'kutambasula miyendo.

Tonse tinagona kwa azakhali. Atate anagona pampando, phazi lili pa kampando kena.

Ukwati unachitika m'mawa mwake, mapemphero atatha. Anthu anali ochepa. Atate anaperekeza mwana wawo akutsimphina, ndipo alendo a ku Katete anavina mpaka fumbi linalowa m'nyumba. Esinati ndi mwamuna wake akadali limodzi. Amakhala ku Chelstone, ali ndi zidzukulu.

Lolemba atate anapita kuntchito monga mwa nthawi zonse. Chaka chotsatira anavota papepala lokhala ndi mayina awiri. Anakalamba bwino, namwalira ali pabedi lawo.

Shopu ya ba Mwansa inakhala yokhoma, ndipo iwo sanaonekenso kuchokera tsiku lija. Mkazi wawo anayenda kuzipatala ndi kupolisi, koma palibe amene anamuuza zoona. Mvula itayandikira anabwera kudzatenga makina osokera. Ine ndi atate tinamunyamulira mpaka pa basi ya ku Luapula. Ana ake atatu anakhala pawindo.

Kwathu sikunasowe munthu.