Waya Wobiriwira wa pa Mpope

Ndimakumbukirabe kabokosi kotuwa kokhala ndi zenera lagalasi, komangidwa pa paipi ya mpope wa ku kampu ya masikauti oteteza nyama, kufupi ndi kwathu ku Malama. Kanali mita yoyeza madzi. Madzi akamayenda, manambala ankasintha mwakachetechete. Ikaona ngati madzi asiya, inkazimitsa mpope kuti usapse. Amalume ndiwo ankausamalira, ndipo mudzi wonse unkatunga pamenepo.

Chilimwe chimenecho ndinali mu giredi folo. Nyenje zinkalira m'mitengo ya tsanya mpaka makutu kuwawa. Aphunzitsi anati wailesi ya pasukulu ikufuna waya kuti izimveka bwino. Ine, mwana wosayankhula m'kalasi, ndinkalakalaka atanditchula dzina kamodzi kokha.

Kumbuyo kwa mita kunali kawaya kobiriwira kolumikiza bokosi ndi paipi. Sikankapita ku batire, choncho ndinaganiza kuti kalibe ntchito. Ndinakamasula masana ndi mpeni wa amayi, n'kukapereka kusukulu. Aphunzitsi anandisisita mutu pamaso pa anzanga. Lero ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene zinandikomera.

M'mawa mwake manambala anayamba kudumphadumpha, mpope n'kumazima wokha. Amalume anayang'ana fyuzi, anapala dzimbiri pa batire, anauzira nyerere zimene zinamanga m'bokosi. Ankagwada pa simenti yotentha, thukuta likudonthera pa sipanala, akudziyankhulira okha kuti, "Magetsi akufika, madzi alimo, nanga chikunamiza mita n'chiyani?" Masiku anayi amayi ndi anzawo ankatunga kumtsinje, mmodzi akuponya miyala m'madzi kuopseza ng'ona. Ine ndinkawanyamulira chigubu.

Tsiku lachisanu amalume anapeza timabawuti tiwiri topanda kanthu. Waya uja ndiye ankataya magetsi osochera pansi. Popanda iye mita inkawerenga zabodza. Madzulo anadutsa kusukulu, anapereka moni kwa aphunzitsi, "Mwaswera bwanji?" ndipo anaima nthawi yaitali akuyang'ana wailesi pazenera.

Mkulu wa masikauti atafunsa amene anachotsa wayayo, amalume anavula chipewa. "Ndine, bwana. Ndinamasula popukuta, ndinaiwala kumene ndinaika." Anamanga waya wina, mpope unalira, koma ntchito yousamalira inapatsidwa kwa munthu wina. Amalume anatumizidwa kukatchetcha udzu m'mbali mwa msewu, ndipo anakalambira komweko.

Ine ndinkangosangalala kuti sanandigwire, ndipo mumtima ndinkawaseka pang'ono amalume kuti ndi oiwala. Sindinkadziwa kuti waya ukasowa pafupi ndi nkhalango ya nyama, masikauti saganiza za wailesi. Amaganiza za msampha, ndipo kufufuza kukanayambira pakhomo pa amayi.