Agogo a ku Kasama

Alongo anga a Gideon Shawa tinawaika Lachiwiri lapitali kwathu ku Madzimoyo. Abusa analalikira kuti anali munthu wosadziwa kunama. Ine ndinangowerama, chifukwa bodza lawo lalikulu ndine ndikudyera mpaka lero.

Iwo anali oyamba kubadwa, ine Tryness ndine mzime. Atate athu anali aphunzitsi a pamishoni, ndiye amafuna mwana wawo adzakhale kalaliki wovala tayi. Koma alongo sukulu inawakana. Ali Sitandade 4 anamasula njinga ya ahedi yonse kuti aone chimene chimalira mkati, ndipo sukulu inathera pomwepo. Kuyambira apo moyo wawo unali njinga basi. Anakhala zaka makumi awiri pansi pa mtengo wa mango, pakamsika kathu kuseri kwa komboni ya Nabvutika, kumata machubu ndi kuwongola masipoko.

Pamtengo paja milandu yambiri imathera pomwepo. Anthu awiri akabwera akukangana, iwo samafunsa kuti wayamba ndani. Wina amamupatsa pampu, wina amati agwire wilo, iwo n'kumasula valavu mobisa kuti mpweya uzithawa. Munthu amapopa mpaka thukuta kamukamu, mpaka kuiwala chimene amakalipira. Ati mkwiyo ndi mpweya, bola ulowe mu chubu.

Wanga mlandu ndi umene unakana pampu.

Chinali chaka cha 1993. Amuna anga anali atapita ku Lusaka kukafuna ntchito, osabwerako, kundisiyira ana anayi. Munda wanga unali tebulo la pamsika paja. Ndimagulitsa lepu, tomato ndi chiwawa, cha masamba a maungu chija osati cha ndewu, ngakhale chaka chimenecho ndinagulitsa zonse ziwiri. Pambali panga panali amake Aliyu, dzina lawo a Hadijah, akazi a Asmani, atelala a pamsika pomwepo. Iwo amakazinga samusa pa mbaula. Utsi wawo umafotetsa ndiwo zanga. Ine ndikamawaza madzi pandiwo, madontho amagwera m'mafuta awo, mafuta n'kuwathethekera pamkono. Amati ndikuchita dala. Poyamba sindimachita dala.

Tinatukwanana miyezi itatu. Alongo anayesa za pampu zija, koma amake Aliyu anati iwo sagwira njinga za amuna a eni, ine n'kutsala ndikupopa ndekha ngati chitsiru. Ndiye Loweruka lina ndinaponya tomato wowola, iwo anabwezera ndi chipande. Chipande chinandiphonya, chinakapeza a Benson Daka pamphumi. A Daka ndiwo tcheyamani wa komiti ya msika. Anati Lolemba kuli mitingi, ndipo tonse awiri tikuchoka, matebulo apatsa ena. Ofuna malo anali atayamba kale kuwapatsa moni wogwada.

Lamulungu ndinapita kukalira kwa alongo. Ndinawapeza akudya nzimbe. Anandimvera mpaka nzimbe inatha, kenaka anangoti mawa ndivale chitenje chabwino, ndipo chilichonse chimene ndikamve ndikavomere.

Lolemba komiti inakhala pabenchi anthu asanu, a Daka pakati ndi pulasitala pamphumi. Mboni zinabwereza matukwano athu onse, ena ine nditawaiwala kale. Kenaka anaitana alongo, poti mtengo wawo unapenyana ndi matebulo athu. Anavula chipewa, n'kupukuta manja pa ovolosi.

"A Tcheyamani, mukawachotsa awa, anthu akusekani mpaka ku Katete. Awatu ndi pachimbuya."

Kuno aliyense amadziwa kuti Mngoni ndi Mbemba ndi pachimbuya. Akhoza kunyozana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, palibe mlandu, ndipo wokwiya ndiye amasekedwa. Ife a Shawa ndife Angoni, apo panalibe vuto. Vuto linali lakuti msika wonse umadziwa kuti makolo a amake Aliyu anachokera ku Mangochi.

A Daka ananena zomwezo. Alongo osaphethira n'komwe, anati ku Mangochiko ndi kuchimuna. Agogo aakazi a amake Aliyu anali Mbemba wa ku Kasama, anabwera kuno kudzagulitsa vinkubala, mphalabungu zouma zija, basi inawasiya, ndiye poti panalibe chochita anangokwatiwa. Anati iwo anawaona ndi maso awo, anali aafupi, oyenda motsimphina, ndipo anawakonzerako ambulera.

A Daka anatembenuka. "Amake Aliyu, n'zoona zimenezi?"

Amake Aliyu anayang'ana mbaula yawo panja, anayang'ana ine, anayang'ana kumwamba. Ndinaona milomo yawo ikugwedera, ndikhulupirira amapepesa agogo awo enieni.

"Ee mukwai," anatero. Chibemba chawo chonse chinathera pomwepo.

Koma a Daka sanali mwana. Anati ngati ndi chimbuyadi tichite pomwepo komiti ione, ndipo mmodzi akangokwiya, tonse tinyamule katundu.

Ndinayamba ine. Abemba timawanena kuti amadya anyani, ndiye ndinati, "Inu odya anyani, mchira wa dzulo uja mwauika mu samusa?"

Awa ndi mayi oti nyama sagula ngati siinachinjidwe ndi ashehe a kumzikiti. Nkhope yawo inatupa ngati chitumbuwa m'mafuta. Mumtima ndinati basi, ana anga ayamba kudya mango osapsa a pamtengo pa amalume awo. Alongo anatsokomola kawiri.

"Ifetu nyani timayamba tamuchinja bwinobwino," anatero amake Aliyu. "Inu mbewa mumadya ndi ndevu zomwe. N'chifukwa chake zakumerani pachibwanopo."

Ndinali nazodi, ziwiri. Ndimaganiza kuti palibe amaziona. Komiti yonse inagwa nako kuseka, ine misozi ili pafupi, mkono ukuyabwa kufuna tomato. Alongo anandiponda phazi ndi jombo, ndiye ndinatsegula pakamwa n'kuseka mokakamiza. Nditaona amake Aliyu akubisa nkhope mu mpango mapewa akugwedezeka, kuseka kwenikweni kunabwera kokha. A Daka anaseka mpaka pulasitala inamatuka. Anagamula kuti pachimbuya komiti silowererapo, koma chipande anachilanda.

Potuluka alongo anati tingosinthana matebulo, mbaula ikhale kumene mphepo imapita. Miyezi itatu yonse ija palibe anaganizako zimenezo. Utsi unayamba kupita kwa a Ezekiel ogulitsa makala, amene sanaone kusiyana.

Chovuta chinali chakuti a Daka amakayikabe. M'mawa uliwonse amadutsa pang'onopang'ono manja kumbuyo, ndiye tikangowaona timayamba kunyozana tikuseka. Matukwano atayamba kutithera, masana timakhala pamodzi kukonza a mawa, tikudya samusa zosweka. Abemba enieni akamva kuti pali wakwawo amabwera kudzapereka moni wautali, amake Aliyu n'kumangoloza pakhosi kuti chimfine. Chimfine chimenecho chatha zaka zisanu tsopano. A Asmani anakhala sabata yathunthu osawalankhula alongo chifukwa chowapatsa apongozi achilendo, koma njinga yawo itaphulika akanalowera kuti, anabwera okha pamtengo paja.

Alongo anadwala chifuwa mwezi umodzi wokha. Akazi awo a Lusiya ndi ine ndife timawasamala. Tsiku lina ndikuwamwetsa phala ndinawafunsa ngati sakuopa kukayankha za bodza lija. Anati agogo a ku Kasama akawapeza kumeneko akawapepesa okha, ngati basi yawo inafika. Anaseka, kuseka kunasanduka chifuwa, ine ndinatuluka panja kuti asandione.

Tebulo lija ndikadali nalo, ndipo ana anga anayi akukulira pomwepo. Dzulo ndi pamene ndinabwerera kumsika. Pansi pa mango panali mafuta akuda okha pa dothi. A Daka anatulukira manja kumbuyo monga mwa masiku onse, amake Aliyu anatsegula pakamwa kuti andinyoze, mawu osatuluka. Ndinawayambira ine za mchira zija, iwo anayankha za mbewa misozi ikugwera m'mafuta, mafuta akuthetheka. A Daka anaima pang'ono, anavula chipewa, n'kupitirira.