Swichi Yofunda Chitenje

Sabata imeneyo ndinakwera maminibasi mpaka msana kuuma. Ndinkakhala ku Mgona, koma sukulu yophunzitsa makompyuta imene ndinkaisamalira inali ku Area 23. Kutsika m'tauni, kudikira ina idzaze, kenako fumbi la Okutobala mpaka m'mano. Ndinkafika nditatopa kale ndisanagwire n'komwe waya.

Pasukulupo panali maswichi awiri, timabokosi ta mabowo ambiri tolumikiza makompyuta. Ina inali mu ofesi, ina m'kachipinda kosungiramo matsache. Ndine ndinagawa mabowowo m'magulu, zimene m'mabuku amati VLAN, kuti ophunzira asamasuzumire mafayilo a mu ofesi. Poyamba zinayenda bwino. Kenako tsiku lililonse, dzuwa likangopendeka, makompyuta a m'kalasi ankasiya kuonana ndi kompyuta yaikulu yosunga mayeso. Ndikafika ndinkapeza swichi ya m'kachipinda itaiwala magulu onse. Ndinkalembanso, zinkayenda, mawa lake foni. Magetsi sindikanawanamizira, chifukwa maswichi onse anali pa batire.

Mwini sukuluyo, bambo wosachedwa kupsa mtima, anali ataweruza kale.

"Ndi amayi osesawa, akumagwiragwira mawaya," anandiuza. "Mundipezere umboni, Lachisanu azipita. Mukalephera, amisiri ndi ambiri m'tauni muno."

Amayiwo anali amasiye a ku Chilinde, olera ana atatu ndi tsache lomwelo. Ndikafika ankandipatsa madzi osamba kumaso ndisanapemphe.

Lachinayi ndinalawirira, ndinati lero sindichoka. Ndinasintha waya wolumikiza maswichi awiriwo, ndinayesa mabowo limodzilimodzi, ndinawerenga zimene ndinalemba mpaka maso kuwawa. Palibe cholakwika. Ndinakhala pa ndowa yovundikira m'kachipinda muja, njala ikundipweteka, ndikudzifunsa chimene ndinasiyira ntchito yokonza mawailesi.

Masana amayi aja analowa, nasesa, kenako anatulutsa chitenje chochapa bwino m'chikwama mwawo. Anafunditsa swichiyo mosamala, kupinda m'makona monse, monga timachitira ndi wailesi ya pabalaza.

"Fumbi lanyanya masiku ano, abambo, ndiye chinthu chodula ichi," anatero. "Ndikamva kuti mukubwera ndimachotsa kuti musavutike, koma lero mwakhalitsa."

Sindinawaletse. Ndinkafuna kuona. Patapita ola kabokosiko kanatentha ngati simbi, timagetsi take tinazima, tinayakanso, magulu onse atapita.

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma ndinakumbukira chinthu china. Swichi yotentha imazima n'kuyakanso, inde, koma siiwala. Imaiwala ngati amene anailemba sanaseve. Sabata yonse ndinkalemba magulu aja, n'kuthamangira minibasi osalemba mzere wotsiriza wouza swichi kuti isunge. Ndikanaseva, chitenjecho chikanangodula intaneti kwa mphindi ziwiri, palibe akanadandaula. Manyazi anandigwira. Ndinachotsa chitenjecho n'kuchiika pa ndowa paja, ndinalembanso zonse, ndinaseva mwakachetechete, ndipo pomwepo ndinamva nsapato za mwini sukulu pakhonde.

"Mwapeza?"

"Ikumatentha, bwana."

"Chikuitenthetsa n'chiyani?"

Zoona zinali ziwiri, ndipo zonse ndinali nazo pakamwa. Ndinaganiza za amisiri ambiri aja a m'tauni, za mkazi wanga amene anali ndi pakati, za kubwerera ku mawailesi. Ndinali wotopa, komanso ndinali wamantha, ndisabise. Sindinanene bodza lililonse. Ndinangoyang'ana chitenje chimene chinali chikadali pa ndowa paja, iye n'kuyang'ananso komweko.

Lachisanu anandiitana kuti ndidzaone ngati zonse zili bwino. Zinali bwino, ndipo sizinavutenso zaka zonse zimene ndinagwira pamenepo. Ndikutuluka ndinakumana ndi amayi aja pageti, chikwama chili m'khwapa, ntchito itawathera. Ndinafuna kuwazemba koma anali atandiona kale. Anapinda maondo pang'ono mwaulemu.

"Pepani abambo, ndakuyendetsani sabata yonse ndi dzuwa limeneli. Sindimadziwa ine."

"Palibe kanthu, amayi," ndinatero.