Mpira Umene Ndinautsuka

Ndinayamba kuwaona pabenchi ku Sports City, akuonerera ana akuponyerana mpira, dzanja lawo lamanja lili lende. Anali bambo Gaspard a ku France. Anasewera mpira wamanja wa handball zaka zambiri kwawo, kenako anadzaphunzitsa timu kuno, mpaka sitiroko inawasiyitsa.

Mwana wawo atandilemba ine, mayi wamasiye, ntchito yowasamalira, ndinapeza mpira wakuda bii pashelefu, womata ngati ulimbo. Ndinautsuka ndi sopo mpaka unayera.

Sindinkadziwa kuti osewera amapaka utomoni m'zala kuti mpira usawapulumuke. Litsirolo linali la zala za anyamata a timu yawo pamasewera omaliza.

Bambo Gaspard anaununkhiza mpirawo, n'kuuika pansi. Tsiku limenelo sanadye, ndipo m'mawa mwake mwana wawo anandiuza kuti ndilongedze katundu.

Ndikutuluka, bambowo anandifunsa motsitsa mawu, "Hildah, kodi malaya a malemu amuna ako unawachapa?"