Thadzi la kwa asewere

Ine nyama ndinasiya tsiku limene ndinapha ng'ombe yanga yolimira itakalamba. Inandinyambita dzanja lomwe linali ndi mpeni. Kuyambira pamenepo ndiwo zanga ndi nyemba, therere ndi nkhwani wotendera, ndipo mpaka lero njinga ndimapalasa kuchokera ku Sinda kukafika ku Katete osapuma. Kafunseni.

Vuto linabwera nditapita ku Vubwi kukaona asewere, makolo a mkazi wa mwana wanga. Kwathu kuno mlendo waulemu amamuphera nkhuku, ndipo akakana ndiye kuti wanyoza pakhomo. Ndisanamalize n'kumwa komwe madzi, asewere aamuna anabwera ndi thadzi, n'kundigwiritsa kuti ndione ndiwo zanga. Mtima wake unkagunda m'zala zangamu. Ndinalitembenuza uku ndi uku.

"Layonda kodi, asewere?" anandifunsa.

"Ayi, lanona," ndinatero. "Koma mwati ndi langa?"

"Ndi lanu."

"Basi, ndipita nalo lamoyo. Mukalipha, ndikukumbukirani lero lokha. Likakhala pakhomo panga, ndizikukumbukirani m'mawa uliwonse."

Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana thadzilo. Kenako anaseka mpaka kutsokomola, n'kuitana akazi awo: "Amayi, tenderani nkhwani! Tapalana ubale ndi mbuzi!"

Sindinakwiye. Ndinadya mbale ziwiri.

Thadzilo likadalipo, lakalamba ngati ine. Asewere akabwera kwathu amayamba alipatsa moni ilo, kenako ndiye ine.